Bambo Aphunzire Kupuma

6 Febuluwale

Mwana wanga Kadontho,

Moni wochokera kwa ife tonse. Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupeza uli bwino, ndiponso kuti jekete lija unadandaula kuti ndi lopyapyala unalipezera lina. Ife kuno tilipo, kungoti "tilipo" wa masiku ano ndi woyankhira moni chabe. Mlongo wako ndi mkazi wake ali bwino, ana awo akukula ngati pali mpikisano.

Nkhani ndi ya bambo ako. Kubanika kuja unakusiya kukungoyamba kwakula tsopano. Kuchoka pano kukafika kushopu, kaulendo komwe kale ankapita n'kubwerera tiyi asanazizire, masiku ano amaima panjira kangapo. Ukudziwa kunyada kwawo. Saima ngati munthu wotopa, amaima pansi pa chikwangwani cha wina, manja kumbuyo, n'kumapukusa mutu kuti taonani R uyu wathyoka mwendo, wolemba wake anaphunzira kuti. Anthu odutsa amaseka, amati a Zilembo sasintha, paja ndi mmene amawatchulira chifukwa cha ntchito yawo yolemba zikwangwani. Ine amene ndimayenda nawo pambali ndimamva mmene pachifuwa pakulirira, ndipo ndimadziwa kuti akudikira mpweya.

Tinapita kuchipatala. Adokotala akuti mapapo awo akhala akumwa penti ndi thina wosungunulira pentiyo zaka zonsezi, ndipo pamene panawonongeka sipabwerera. Anawapatsa kampope kopopera mankhwala m'kamwa. Kamathandiza, akakumbukira kuti kali m'thumba liti.

Koma chimene chawapweteka si chifuwa, ndi dzanja. Akayamba kubanika dzanja limanjenjemera. Mwezi watha analemba chikwangwani cha bambo wogulitsa nsapato pafupi ndi depoti, mwini wakeyo n'kuchibweza, akuti zilembo zikuoneka ngati zaledzera. Tsiku limenelo atabwera kunyumba, chakudya anangochiyang'ana. Ndakhala nawo zaka zambiri, koma kubwezeredwa ntchito ndinali ndisanakuone.

Mlongo wako atamva anabwera ndi mawu ake aja a nthawi zonse, akuti asiye ntchito, abweze makiyi a shopu kwa eni nyumba, iye aziwasamala. Ananena mwachikondi ndithu, koma ukumudziwa, chikondi chake chimamveka ngati akuwerenga malamulo. Bambo ako anamuyankha kuti munthu amene sanagwirepo burashi asawauze za burashi. Kenako anati, "Ndimva za Kadontho. Uja ndi amene ankandigwirira chitini cha penti ali wamng'ono, amadziwa kuti shopu ija ndi chiyani kwa ine. Akanena iye kuti basi, ndiye kuti basidi."

Ndiye mtolo ndi umenewo mwanawe, ndakusenzetsa. Iwe kudziko la eni kumeneko ukugwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, matenda oterewa umawaona tsiku ndi tsiku. Tiuze maganizo ako. Ine mtima uli pawiri: ndikawaona akukwera makwerero ndimaopa kuti agwa, ndikawaganizira atakhala pakhomo tsiku lonse ndimaopanso.

Usachedwe kuyankha. Uzidya.

Ndine amayi ako.


2 Malichi

Okondedwa amayi ndi bambo,

Ndalandira kalata yanu ndipo ndathokoza. Ndili bwino, jekete ndinapeza, ndikudya. Mundikhululukire, ndikulemba mothamanga pa nthawi ya tiyi, chifukwa anzanga awiri adwala ndipo ntchito yawo yagwera ine. Ndati ndiyankhe lero lomwe kuti musadikire.

Za bambo zandikhudza kwambiri, koma si zachilendo kwa ine. Kuno tili ndi agogo ambiri obanika chimodzimodzi. Mankhwala amalandira, koma chimene ndaona ndi maso anga kuti chimawathandizanso kwambiri ndi kupuma. Mungadabwe, anthu ambiri amakalamba osadziwa kupuma, makamaka azibambo amene agwira ntchito yamanja moyo wawo wonse. Amangolimbana ndi thupi, mapewa ali m'mwamba, mpaka thupi limakana. Pali mayi wina amene amabwera Lachitatu lililonse kudzawaphunzitsa. Poyamba agogowo amakana, ena amachita manyazi, ena amakwiya kuti tikuwayesa ana. Koma akazolowera nkhope zimamasuka, tulo amagona, ngakhale kudya amadya bwino.

Ndiye bambo, poti mwati mumva za ine, zanga ndi izi: phunzirani kupuma. Musachite nazo manyazi. Pa msinkhu wanu, ndi mapapo amenewo, palibe chofunika kuposa chimenechi, ndipo ndikudandaula kuti simunayambe kale. Ndikaonana ndi mayi uja ndimufunsa bwinobwino, kenako ndikulemberani zonse mwatsatanetsatane.

Belu lalira, agogo ena akundifuna. Moni kwa achimwene, alamu ndi ana.

Ine mwana wanu,
Kadontho


27 Malichi

Kadontho mwanawe,

Tikuthokoza kuti uli bwino. Kalata yako inafika, ndipo yagwira ntchito yake mwachangu kuposa mmene ine ndinkaganizira.

Bambo ako anaitsegula okha, ndi kampeni kawo kosongolera mapensulo. Anavala magalasi, nayamba kuwerenga mokweza kuti nane ndimve. Pa jekete anaseka. Atafika pamene unalemba kuti phunzirani kupuma mawu anazima, zotsalazo anamaliza chamumtima. Anaipinda bwinobwino, anavula magalasi, n'kunena kuti paja anakutcha Kadontho chifukwa ndiwe chitsiriza, kotsekera chiganizo, ndiye lero Kadontho waika kadontho. Ankafuna kuti ndiseke, koma ine sindinathe.

Ndinawauza kuti tidikire kalata yachiwiri imene walonjeza. Anati mwana akafika podandaula kuti sunayambe kale kupuma, kalata yachiwiri ingowonjezera ulemu, mfundo ndi yomweyo.

Sabata yomweyo anayamba kusamutsa. Makwerero anapatsa wowotcherera zitsulo woyandikana nawo uja. Zitini za penti zotsala anagawira aliyense amene anaima pakhomo, ena anatenga osadziwa n'komwe kuti akapaka chiyani. Tebulo lalitali lija linakana kutuluka pachitseko, poti analikhomera momwemo, ndiye analisiya. Anasesa, anakolopa ngati kukubwera alendo, kenako anakapereka makiyi kwa eni nyumba. Kunyumba anabwera ndi maburashi okha, atawakulunga m'nsalu. Ali pansi pa bedi, kumutu.

Mlongo wako wasangalala, akuti mwana wamkazi wachita zimene iye analephera chaka chonse. Wawagulira mpando wa ndalema, wauika pakhonde. Bambo ako amakhalapo kuyambira m'mawa, kuyang'ana msewu. Nyuzipepala sawerenga, akuti zilembo za makina zilibe mwini. Wailesi akuti ikusokosa. Dzulo ndinawapeza akulemba ndi chala pa bondo, atandiona anayamba kukanda ngati pawayabwa.

Anthu akubwerabe mpaka kunyumba kuno. Dzana kunafika mayi wina amene akutsegula sukulu ya mkaka, ndi thabwa lake pamutu. Bambo ako anamulandira bwino, anamuuza kuti iwo anapuma, apite kwa ena. Mayiyo atafunsa kuti kwa ndani, iwo anati aliyense, onse ndi chimodzimodzi.

Ndikuuze zoona, kubanika sikunachepe. Ndikuona ngati kwawonjezeka, chifukwa kale ankaiwalako akakhala pa ntchito, pano alibe china chomvetsera koma chifuwa chawocho. Ndevu amameta ndikawakumbutsa. Dzina lako salitchula, ndipo ndikalitchula ine amayang'ana kumbali. Sanakwiye nawe ayi. Akanakwiya bwenzi zili bwino, mkwiyo wawo ndimadziwa kuchita nawo. Angosweka mtima basi.

Sindikukudzudzula. Mwina unanena zoona, ndiwe amene ukudziwa za matenda. Koma ukanawazungulira pang'ono mwanawe, munthu wamkulu sumuuza choncho pakati pa belu ndi belu. Ndipo kwanuko n'kwa anthu odala ndithu, mpaka kupuma kuli ndi mphunzitsi wake wa Lachitatu. Kuno bambo ako akuphunzira okha, ndipo sakukhoza.

Ndine amayi ako.


19 Epulo

Amayi,

Kalata yanu ndaiwerenga nditaimirira m'khonde la kuntchito, ndipo nditaimaliza ndinangokhala pansi pomwepo. Mnzanga anaganiza kuti kwathu kwagwa maliro. Amayi, sindinanene kuti bambo asiye ntchito. Ndinkanena kupuma kwa mpweya, kokoka ndi kutulutsa. Mayi wa Lachitatu uja amaphunzitsa kapumidwe, za yoga, osati kukhala pa mpando. M'chilankhulo cha kuno kupuma kwa mphuno ndi kupuma kwa munthu wotopa ndi mawu awiri osiyana, ndiye mutu wanga unkaganiza m'cha kuno pamene dzanja linkalemba m'chathu. Ndabwereza m'mutu zonse zimene ndinalemba, ndipo ndikuona kuti mpweya sindinautchule ngakhale kamodzi. Ine ndinkafuna kuti dzanja lawo lisiye kunjenjemera, abwerere ku zikwangwani zawo.

Chonde, mukangowerenga kalata ino mupite kwa eni nyumba. Muwauze kuti panali kusamvana, makiyi abwerere. Ngati pafunika kupepesa, mupepese m'dzina langa.

Zimene ndinkafuna kulemba ndi izi, ndipo muwawerengere bambo ngati iwo safuna kugwira pepala langa. Munthu akabanika amachita mantha, akachita mantha amapuma mothamanga ndi pachifuwa pokha, mapewa n'kukwera, ndipo mpweya wakale umatsalira m'mapapo, watsopano n'kusowa polowa. Ndiye choyamba si kukoka, ndi kutulutsa. Akoke pang'ono ndi mphuno, kenako atulutse pang'onopang'ono atasongola milomo ngati akuuzira tiyi wotentha, kutulutsako kuzitalika kuposa kukoka. Azichita zimenezi akamayenda, akamakwera chitunda, ndiponso kubanika kukangoyamba.

Chachiwiri, akhale tsonga, dzanja limodzi pamimba, lina pachifuwa. Akamakoka mpweya, dzanja la pamimba ndi limene liziyenda, la pachifuwa lizikhala phee. Masiku oyamba zimavuta, thupi limafuna njira yake yakale. Chinachi musaseke: akoke mpweya, atseke pakamwa, ndiye potulutsa azing'ung'udza ngati njuchi mpaka mpweya uthe. Agogo athu amachikonda chimenechi kuposa zonse, akuti chimakhazika mtima pansi.

Sindinakuuzenipo, koma nditangofika kuno ndinkavutika. M'basi mtima unkagunda ngati ukufuna kutuluka, m'manja thukuta lokhalokha, ndinkaganiza kuti ndifera pakati pa anthu osandidziwa. Mayi ameneyu anandipeza tsiku lina nditatsamira khoma, anandikhazika pakati pa agogo. Sindinganene kuti zinatheratu, koma tsopano zikayamba ndimadziwa pogwira, ndipo ndimagona.

Musandimve molakwa kachiwiri: kupuma kumeneku sikuchiritsa mapapo owonongeka. Kampope asakasiye, ndipo adokotala muwauze kuti ayamba zimenezi. Kumangothandiza munthu kugwiritsa bwino ntchito mapapo amene atsala, ndi kuchepetsa mantha. Koma ndaona agogo amene sankatha kufika kubafa akuyenda mpaka kukaona maluwa panja.

Ndikuchita manyazi, amayi, ndipo ndikuopa. Mundiyankhe msanga za makiyi.

Kadontho


24 Meyi

Mwana wanga,

Pepa ndachedwa. Kalata yako inayenda ulendo wake waulesi, ndipo itafika nanenso ndinasowa poyambira.

Kwa eni nyumba ndinapita tsiku lomwelo, mpango ndinamangira panjira. Ndisanafike n'komwe ndinamva nyimbo. Shopu anaipereka kale kwa wometa tsitsi, ndipo anasainirana. Pakhoma pamene bambo ako ankayeserapo mitundu ya penti pano pali magalasi odziyang'anira, ndipo tebulo lalitali lija analidula pakati ndi sowo, theka aikapo makina ometera ndi zipeso, theka linalo sindikudziwa. Eni nyumba anandimvera chisoni, anandipatsa mpando ndi madzi akumwa. Makiyi analibe.

Bambo ako kalata yako ndinawawerengera ine. Nditafika pa kupuma kwa mpweya anandilanda pepala kuti aone okha. Kenako anaseka. Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, ndinachita kuthamangira kampope. Atapezako bwino anati, "Zaka zonsezi ndakhala ndikukonza mawu a anthu, kuuza eni masitolo kuti apa odutsa amva zina. Lero liwu limodzi landitsekera shopu." Kuseka kumene kuja sindikufuna kudzakumvanso.

Za kapumidwe zija anakana. Anati iwo anayamba kupuma iwe usanabadwe, ndipo safuna mayi wa Lachitatu m'nyumba mwawo. Mlongo wako naye akuti kusamvana kumeneku kunachokera kumwamba, chifukwa penti akanawapha. Mwina akunena zoona, koma pali zoona zina zofunika kukazinenera kuseri. Ndinamuuza kuti akapitiriza ndimusenzetsa mpando wake abwerere nawo.

Ndiye ndinati pepala lisapite pachabe, ndinayamba ineyo. M'mawa ndikatha kusesa ndimatulutsa mpando wakukhitchini, ndimakhala pakhonde pomwepo, dzanja pamimba, kuuzira tiyi amene palibe. Bambo ako ankandiyang'ana cham'mbali. Anandipirira masiku angapo, kenako anati ndikulakwitsa, mwanayo walemba kuti dzanja la pachifuwa lisayende, pamene langa likukwera ndi kutsika ngati chivindikiro cha poto wowira. Ndinati ngati mukudziwa ndionetseni. Anati iwo sakudziwa, angowerenga. Pa za njuchi ndinawauza kuti iwo safunika mphunzitsi, akhala akung'ung'udza chikwatirane. Kumwetulira kunafika pakamwa koma anakubweza.

Ine zikundithandiza, ndisaname. Mutu uja unkandimanga masana wachepa, ndipo nkhawa ikandigwira ndimadziwa chochita nayo.

Sabata yatha ndikupita kukayanika zovala ndinamva njuchi kuseri kwa nyumba. Nditasuzumira, ndi bambo ako, atakhala tsonga pa njerwa ngati mwana wasukulu, maso atatseka. Ndinabwerera ndi zovala zanga zonyowa. Sakudziwa kuti ndinawaona, ndipo iwe usatchule.

Ndawauza kuti akulembere. Akuti alibe nkhani. Usalire kwambiri mwanawe, mmodzi wa ife ayenera kukhala ndi maso ouma.

Amayi ako.


15 Juni

Bambo,

Ino ndikulembera inuyo nokha. Mwadzuka bwanji? Chifuwa chikukupatsani mpata?

Ndapempha tchuthi kuti ndibwere, akuti mpaka kumapeto kwa chaka. Ndiye ndatsala ndi pepala lomweli, limene linandilakwitsa kale. Liwu lililonse ndikulitembenuza uku ndi uku ndisanalilembe.

Munandiphunzitsa kuti chikwangwani ukamaliza umakachiwerenga utaima patali, monga mlendo amene sakudziwa zimene unkafuna kunena. Kalata ija sindinaiwerenge choncho. Ndinangoimata n'kuthamanga. Munandipatsa mawu omaliza pa ntchito ya moyo wanu wonse, ine n'kuwalemba pa nthawi ya tiyi.

Lachitatu lapitali mayi uja anatiuza kuti titseke maso, titulutse mpweya pang'onopang'ono. Ndinalephera. Ndinatuluka n'kukaima kochapira mbale mpaka phunziro linatha. Chinthu chimene chinkandikhazika mtima pansi tsopano chimandikumbutsa shopu, fungo la thina, ndi inu mutaluma pensulo.

Sindikupempha kuti munene kuti palibe kanthu, chifukwa kanthu kalipo. Ndikalipireni ngati mukufuna, ngakhale mzere umodzi. Kukhala chete kwanuku ndikukumva mpaka kuno.

Mwana wanu,
Kadontho


11 Ogasiti

Kadontho,

Moni. Amayi ako ali bwino. Mlongo wako ali bwino, akadali wanzeru kuposa tonse. Kalata yako ndinailandira kalekale. Sindinayankhe chifukwa sindinkafuna kuti uone dzanja langa mmene linalili. Ona lero, uweruze wekha.

Za kapumidwe zakozi zimagwira ntchito. Amayi ako akuganiza kuti sindikudziwa kuti anandiona kuseri kwa nyumba, aiwala kuti zovala zawo zinasiya madzi njira yonse. Ndinayamba ndi mkwiyo, kufuna kuona kuti n'chiyani chimene chandidyera shopu. Masabata oyamba palibe chimene ndinapeza, kupatula chizungulire ndi manyazi. Kenako tsiku lina kubanika kunandigwira kubafa, kampope kali kuchipinda. Kale ndikanayamba kuphupha. Ndinatsamira khoma, ndinasongola milomo, ndinatulutsa. Sikunathe, koma kunandisiyira mpata wofika kuchipinda ndi miyendo yanga. Adokotala ndinawauza, akuti ndipitirize, koma mapapo ndi omwe aja.

Ndazindikiranso kuti moyo wanga wonse ndinkagwira mpweya polemba mzere wautali. Ndinkaumirira mpaka mzere uthe. Mapapo atachepa, mpweya unkatha mzere uli pakati, ndiye dzanja linkanjenjemera. Tsopano ndimakoka kaye, burashi n'kumayendera limodzi ndi mpweya wotuluka. Ndinayesa ndi madzi pa simenti ya pakhonde. Munthu akanandiuza zimenezi ndili ndi mphamvu zanga ndikanamuthamangitsa.

Ndinayamba kuyenda. Choyamba mpaka pa mpopi, kenako pa depoti. Mwezi watha ndinangopezeka ndafika kushopu, osaima panjira. Sindinapite dala, miyendo inangotsata njira imene ikuidziwa. Pamwamba pa chitseko panali pakadali dzina langa, mmene ndinalilembera chaka chimene unabadwa, pansi pake anthu akumetedwa.

Wometayo anandiona nditaima, anatuluka. Ndi munthu waulemu. Anati makasitomala akusochera, ena amalowa kudzafunsa za zikwangwani, ndipo wafunsa m'tauni monse kuti chikwangwani chatsopano angamulembere bwino ndani, aliyense akumutchulira a Zilembo. Sankadziwa kuti ndine. Nditamuuza anagwira pakamwa, anayamba kupepesa, akuti apeza wina. Ndinamuuza kuti palibe wina amene akhudze thabwa limenelo.

Amayi ako anakana, mlongo wako sitinamuuze. Makwerero ndinakabwereka kwa wowotcherera, makwerero anga omwe. Amayi ako anawagwirira pansi akung'ung'udza, koma osati kwa njuchi. Ndinayamba ndi penti woyera, kufufuta. Ndinapaka, dzina linkaonekerabe. Ndinadikira kuti aume, ndinapakanso, linkaonekerabe. Penti wa nthawi imeneyo sanali wamasewera. Ndinanyadira, kenako ndinalira pang'ono, pamwamba pomwepo pamene amayi ako sakanaona. Litabisika ndinalemba za kumeta, chilembo chilichonse mpweya wake. Dzanja silinanjenjemere ngakhale pamodzi.

Fungo la penti linandigoneka sabata yathunthu. Adokotala anandikalipira ngati mwana, akuti ndikadzayandikiranso chitini ndisadzabwere kwa iwo. Ndiye mlongo wako ananena zoona, shopu ikanatsekedwabe, ngati si chaka chino ndiye chamawa. Ndikukuuza zimenezi kuti uleke kuima kochapira mbale. Bwerera kwa mayi wako wa Lachitatu, ukamuuze kuti ali ndi wophunzira wina kutali amene samulipira. Chimene chimandiwawa si iwe. Ndinkafuna kutseka ndekha, tsiku langa, dzanja lili bwino, osati kumalizira pa ntchito yobwezedwa. Chimenecho ndachipeza mochedwa, pakhomo la wina.

Maburashi ndatsuka, ndawapatsa amayi ako kuti abise pamene sindingawapeze. Masiku ndi aatali. Ndimakhala pa mpando wa mlongo wako, ndipo ndikupuma kupuma konse kuwiri.

Ukadzabwera kumapeto kwa chaka, ukatsika basi usadzafunefune dzina langa mumsewu uja, mulibe. Udzayang'ane pamene palembedwa za kumeta tsitsi. Zilembo zake ndi zowongoka, udzazizindikira.

Bambo ako.